Benchi Limene Linagwetsa Kwaya

Bambo anga ndi kalipentala, ndipo mu mzere wonse wa mashedi umene amagwiramo ntchito palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amati a Bwezani. Dzinali linabwera ndi mafoni. Ukawaonetsa vidiyo yoseketsa, kaya ya munthu woterereka pakhonde kaya ya mbuzi yothamangitsa mkwati, iwo saseka ayi. Amayandikitsa foniyo pamphuno, kutsinzina diso limodzi, kenako n'kunena kuti, "Bwezani pang'ono." Ukabweza, akuti bwezaninso. Pofika kachitatu iwe kuseka kwakuthera kalekale, wangotsala ndi mkono wotopa.

Funso lawo linali limodzi lokha. "Wojambulayo anadziwa bwanji kuti aime pamenepo?" Kwa iwo palibe munthu amagwa mwangozi pamaso pa kamera. Woterereka uja anachita kuthira sopo yekha. Mbuzi ija anaiphunzitsa. Mwana wogwera mu beseni uja anamukankha ndi mayi ake omwe, dzanja analibisa kuseri kwa katani. Ankanena motsimikiza moti enafe tinkayamba kuliona dzanjalo, ngakhale panalibe dzanja lililonse.

Khalidweli silinayambire pa mafoni. Bambo anabadwa wokayikira. Matabwa akafika pashedi ankawagogoda limodzilimodzi, wogulitsa ali chilili kudikira. Telala akawasokera thalauza ankakoka msoko pamaso pake pomwepo. Amayi amanena kuti asanawakwatire anafunsa anthu atatu osiyana ngati zinali zoona kuti iwo ndi mwana wa nyumba imene ankatulukamo. Koma pa ntchito kukayikirako kunawathandiza. Anayamba kupala matabwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo kwa zaka zoposa makumi anayi palibe mpando wawo umene unabwerako ukutsimphina. Ife tinakula ndi fungo la guluu ndi utuchi m'tsitsi, tikudziwa kuti tebulo la bambo ungavinepo osagwa.

Mu shedimo sanali okha. Ankagwira ndi amalume, mchimwene wa amayi, amene analowa ntchitoyo zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, fakitale imene ankagwirako itatsekedwa. Anthu awiriwa anali osiyana kutalitali. Amalume amaseka mpaka kutsokomola, mpaka kugwira khoma. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala pa bokosi la zida, foni m'manja, ndipo wowotcherera zitsulo wa shedi yoyandikana nayo ankabwera kudzasuzumira paphewa pawo. Amalume ankati, "Alamu, taonani iyi, iyi yokha museka." Bambo ankabwera, pensulo kukhutu, kuona, n'kulamula kuti abweze. Kenako mkangano wa tsiku lonse, wina akupala, wina akukhoma, uku akutsutsana ngati galu wa mu vidiyo uja anatseguladi firiji yekha. Ankakangana tsiku ndi tsiku koma sanadanepo.

Tsono kunabwera benchi lija.

Kwaya ya tchalitchi china inaitanitsa benchi lalitali loti azikhalapo amayi asanu ndi mmodzi mu holo yawo yophunziriramo nyimbo. Sabata imeneyo amalume kunalibe, ankadwazika akazi awo kuchipatala, choncho bambo analipanga okha kuyambira kudula mpaka kupaka vanishi wakuda. Amalume anabwerera tsiku lokapereka. Anayang'ana benchilo nati, "Alamu, tilitembenuze kaye ndione pansipa." Bambo anakwiya. "Muone chiyani? Ntchito yanga yayamba liti kufuna woyendera? Kwezani pangolo muzipita, anthu akudikira." Amalume anakweza benchi n'kukalipereka okha.

Lamulungu lotsatira masana ndinali kunyumba kwa makolo, ndikuthandiza amayi kupinda zovala. Foni inalira. Anali mng'ono wanga amene amakhala kutali, yemwe ntchito yake pa gulu la banja lathu la pa foni ndi kutumiza mavidiyo basi, ngakhale moni sapereka. Pansi pake analemba kuti, "Ndafa ine, onerani mpaka kumapeto." Ndinaitsegula.

Amayi asanu ndi mmodzi a yunifolomu ali ndandanda pa benchi latsopano, manja pamaondo. Mkulu wa kwaya waima pambali, akulankhula mokweza: "Benchi limene mukuliona ili lapangidwa ndi mmisiri weniweni, a Bwezani, munthu amene ntchito yake..." Sanamalize. Panamveka kuti thyo! Mwendo wa kumapeto unathyoka, benchi linapendekeka, amayi aja anatsetsereka mmodzimmodzi kukaunjikana pakona, nsapato ina ikuuluka yokha kudutsa kutsogolo kwa kamera. Wina wake anali atawonjezerapo kanyimbo, n'kubwereza kugwako katatu, kachitatuko pang'onopang'ono.

Ndinaseka, sindikana. Ndinaseka mpaka pamene dzina lija linandilowa m'mutu. Mng'ono wanga chitsiru uja sanamve n'komwe dzinalo, iye anangoona nsapato. Bambo anali pampando wawo pafupi ndi zenera. "N'chiyani chimenecho? Bweretsa kuno."

Anaonera kamodzi. Anaoneranso. Tsiku limenelo ndinabweza vidiyo ija mpaka batire linatha, ndipo anandiuza kuti ndiime pafupi ndi soketi tipitirize.

Pofika Lolemba nkhani inali m'kamwam'kamwa. Palibe anavulala kwambiri, kupatula mayi mmodzi amene anabinya mkono, koma vidiyo inali pa foni iliyonse mu mzere wa mashedi. Anthu odutsa ankakuwa kuti, "A Bwezani, bwezani benchi!" Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina amene ankafuna madesiki anaimba foni n'kunena kuti aganize kaye. Zimenezo zinawawa, koma chimene chinali pangozi kwenikweni sichinali madesiki. Bambo anali atayamba kufunafuna munthu amene anawachita chipongwe, ndipo maso awo ankapita kwa mlamu wawo.

Anandiitana madzulo a tsiku limenelo, atabwera kuntchito. Anakhala pansi n'kuyamba kundiyalira mlandu ngati loya.

"Mwendo wa benchi langa suthyoka chonchija. Mtengo ukathyoka wokha umang'ambika, umasiya zingwezingwe. Uja wangoduka. Pamenepo panadutsa sowo."

"Ndani angachite zimenezo, bambo?"

"Ndani anali nalo yekha benchilo, ulendo wonse wa pangolo? Ndani ankafuna kulitembenuza? Ndipo tamvera. Papita nthawi ndikumupeza malume wakoyu akugwiragwira ntchito zanga. Ndikapita kukadya, pobwera ndimapeza thabwa limene ndinaika apa lili apo. Ndikalemba mzere, ndimapeza wafufutidwa, palembedwa wina. Tsiku lina ndinamupeza atamasula mpando umene ndinali nditamanga kale. Ndinamufunsa, akuti ankangoona guluu ngati wagwira. Guluu wanga!"

Ananenanso kuti mwezi wapitawo anawaona amalume akucheza nthawi yaitali ndi kalipentala wa kutsidya kwa msewu, amene wakhala akusirira makasitomala athu. Ndipo m'mawa wa Lolembalo, wowotcherera atawaonetsa vidiyoyo, amalume anatulutsa kaphwete asanadzigwire pakamwa.

Apa ndiyenera kunena zanga, chifukwa ine ndiye ndinasonkhezera moto. Ndine mwana wa bambo anga, magazi okayikira ndili nawo. Ndinatenga foni, ndinaimitsa vidiyo pamene mwendo unkathyoka, ndinakulitsa chithunzi ndi zala mpaka chinangokhala madontho. Panali kamzere kakuda. Kakanatha kukhala chithunzithunzi, kakanatha kukhala litsiro la pa foni yanga. Koma ine ndinati, "Bambo, pali mzere apa." Iwo anayandikitsa foni pamphuno nati, "Ndauona kale." Ndinayambanso kukumbukira tinthu tina ta amalume: mmene ankakondera kufunsa za makasitomala, mmene anagulira foni yatsopano chaka chatha. Munthu amene anandinyamula pamapewa ndili mwana, madzulo amodzi okha ndinamusandutsa chigawenga.

Amayi atamva anaika mbale pansi mwamphamvu. "Inu bambo ake, mchimwene wanga ameneyo? Amene anagona pansi kuchipatala sabata yonse? Nthawi yodula benchi lanu anaipeza kuti? Mukalankhula zimenezi pagulu, mudziwe kuti mawu sabwezedwa ngati vidiyo zanuzo." Bambo anangoti akazi sadziwa za matabwa.

Lachiwiri ndinapita kushedi nthawi ya nkhomaliro, ndikudzinamiza kuti ndikukawaletsa. Ndinapeza zayamba kale. Wowotcherera anali pakhomo, anthu ena awiri odutsa ataima, ndipo mwana wamkazi wa amalume, amene anabweretsa chakudya cha bambo ake, anali chilili ndi kontena m'manja. Bambo anali pakati pa shedi, akuloza ndi pensulo.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakudyetsani m'shedi muno! Munabwera osadziwa ngakhale kugwira hamala. Lero mwandidulira benchi kuti dziko lonse lindiseke, mutenge makasitomala anga mupite nawo kutsidya. Njoka inu! Ndakhala ndikukuonani mukugwiragwira ntchito zanga, mumayesa sindiona?"

Amalume, munthu wa phokoso uja, anayang'ana bambo nthawi yaitali, anayang'ana mwana wawo, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Alamu, mwaganiza bwino zimene mukunenazi?"

"Ndaganiza usiku ndi usana. Ngakhale mwanayu wauona mzere wa sowo."

Amalume anatembenukira kwa ine. "Wauona, mphwanga?"

Ndinati ndauona. Mulungu andikhululukire, ndinatero.

Amalume anatsegula bokosi lawo, anaikamo sowo yawo, hamala, tepi yoyezera ndi kapu yawo ya tiyi. Anavula ovolosi, anaipinda bwinobwino, anauza mwana wawo kuti, "Tiye." Chakudya chija chinabwerera osatsegulidwa.

Kunyumba kunazizira. Amayi anasiya kulankhula ndi bambo, ndipo ine ankangondiyang'ana ngati ndaba m'tchalitchi. Pa gulu la banja mng'ono wanga anafufuta vidiyo ija, koma ana a amalume anatulukamo onse tsiku limodzi. Zinandipsetsa mtima kuti olakwa tikuoneka ife. Ndinaganiza zokatenga umboni woti aliyense augwire ndi manja, kuti amayi asiye kutiona ngati amisala.

Lachisanu ndinapita ku holo ya kwaya. Wosamalira pamalopo ananditengera kuseri, kumene anataya benchilo pamodzi ndi mipando ina yakale. Atadziwa kuti ndine mwana wa ndani anayamba kumwetulira, ndipo ndinamuuza kuti akaseka ndimuponyera mwendo wa benchi womwewo. Ndinautola. Unali utadukadi mwachidule, pafupi ndi pamene umalumikizana ndi thabwa la pamwamba, popanda zingwezingwe zambiri. Pakati pa podukapo panali chinthu chakuda, cholimba, chozungulira. Ine si kalipentala, ndimaphunzitsa ana a sitandade 3. Ndinangoona kuti mwendo waduka mwaudongo monga ananenera bambo, ndipo ndinaukulunga m'nyuzipepala mtima uli m'malo.

Bambo ndinawapeza okha mu shedi, akuyesa kulowetsa msomali wawung'ono pa chitseko cha kabati. Ndinauika mwendowo pa tebulo logwirira ntchito monyadira. "Nawu umboni, bambo. Tikawaonetse amayi."

Anautenga. Sanauyandikitse pamphuno monga amachitira ndi foni. Anangoyendetsa chala chachikulu pa podukapo, uku akuyang'ana kukhoma. Chala chinayenda, chinafika pa chakuda chija, chinaima. Chinazungulira pamenepo kawiri. Anakanda ndi chikhadabo. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo ndinayamba kuchita mantha osadziwa chifukwa chake.

"Sowo imasiya mano," anatero, ngati akulankhula okha. "Apa palibe mano."

"Nanga n'chiyani?"

"Mfundo," anatero. "Pamene panali nthambi. Mtengo umakhala wosalimba pamenepo, suikapo cholumikizira ngakhale utaledzera. Ophunzira ntchito amadziwa zimenezi sabata yoyamba." Kenako anandifunsa, "Ndi yaikulu bwanji?"

Funsolo linandidabwitsa, chifukwa mwendowo unali m'manja mwawo, dzuwa likuwala pakhomo. "Ngati dzira, bambo. Simukuiona?"

Anandipatsa mwendowo. "Yang'ana m'mbali mwake, mmene simunalowe vanishi. Pali mzere wa pensulo?"

"Ulipo."

"Uli ndi kamchira kumapeto?"

"Eya."

"Ndi wanga umenewo. Wadutsa pati?"

Ndinayang'anitsitsa, ndikufuna kuti ndipeze yankho lina. "Pakati penipeni pa mfundoyo."

Bambo anakhala pansi pa mulu wa matabwa. Pamenepo m'pamene ndinawayang'ana m'maso bwinobwino, mwina koyamba pa zaka zingapo, ndipo ndinaona kuti pakati pa diso lililonse pali kautsi koyera. Ng'ala. Ife tonse tinkaseka kuti a Bwezani amayandikitsa foni pamphuno chifukwa cha ukatswiri wofufuza, pamene munthuyo ankavutika kuti aone chimene enafe tikuseka. Ndipo mzere wa sowo umene anati auona kale uja sanauone. Anangokhulupirira ine. Manyazi amene anandigwira sindingawafotokoze, ndinalakalaka pansi patatseguka.

"Ndiye mlamu wanga ankasuntha matabwa aja..." Sanamalize. Anaimirira, anasasa utuchi pa thalauza, anatenga mwendo uja. "Tseka shedi. Tipite kwa malume wako."

Tinawapeza amalume pakhonde pawo akukonza mpando wa woyandikana nawo nyumba. Anatilandira mwaulemu, anatipatsa pokhala, koma kuseka kuja kunalibe. Bambo anaika mwendo uja pansi pakati pawo.

"Alamu, ndabwera ndi mfundo yanga. Ndinakunamizirani. Ndilibe mawu ena."

Amalume anautola, anauyang'ana kamodzi kokha n'kuubweza pansi. "Ndinkadziwa kuti ndi zoterezi. N'chifukwa chake ndinkafuna kulitembenuza tsiku lija. Ichi ndi chaka chachiwiri, alamu. Mukapita kukadya ndimayezanso mizere yanu. Matabwa a mfundo ndimawabisa kuseri kuti musawatole. Sabata imodzi yokha imene ndinachokapo ndi imeneyi."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikuuzeni inu? Munthu wosakhulupirira ngakhale mbuzi ya mu vidiyo, mukanakhulupirira ine kuti maso anu akutha? Mukanati ndikufuna shedi. Kalipentala wa kutsidya uja ndinkamufunsa za dokotala amene anachotsa ng'ala mayi ake. Ndinkafuna ndipeze njira yokutengerani kumeneko mosakuchititsani manyazi."

Ine misozi inali itayamba kale. Ndinagwada n'kunena kuti, "Amalume, mzere uja sindinauone. Ndinanama." Anandiyang'ana nati, "Ndinadziwa, mphwanga. Dzuka, pansipo pali fumbi."

Bambo anakonza kukhosi. "Bwererani kushedi, alamu. Ndikukupemphani."

Amalume anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Kukhululuka ndakhululuka, ndinu mwamuna wa mlongo wanga. Dzina la dokotala ndimupatsa mwanayu. Koma munanditcha njoka pamaso pa mwana wanga, munati mwandidyetsa zaka makumi awiri ndi zitatu ngati ine ndinalibe manja. Mawu amenewo munali nawo m'mimba kalekale, benchi langowatulutsa. Sindingaimenso nanu pa tebulo limodzi." Anatiperekeza mpaka pageti, ndipo kushedi sanabwererenso mpaka lero.

Pobwerera bambo ankayenda patsogolo monga mwa masiku onse, msana uli chilili, mwendo wa benchi uli m'khwapa. Tinafika pa msewu waukulu umene akhala akuwoloka m'mawa ndi madzulo kuyambira ine ndisanabadwe. Anaima m'mphepete. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anayang'ananso kumanja. Msewu unali mbee, koma iwo sanasunthe.

"Mwanawe," anatero osanditembenukira, "kukubwera galimoto?"

"Ayi, bambo."

"Masiku onsewa amandiwolotsa ndi malume wako. Amangoyamba nkhani n'kundigwira paphewa, ine n'kumayesa ndi macheza." Anatambasula dzanja, lokakala ndi zipsera za ntchito. "Tandigwira."